Musathamangire Windows 11 Musanaifunse Kompyuta Yanu

Anzanga, Lachiwiri pa buleki panali mkangano pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa Fomu 2. Ena amati Windows 11 imathamangitsa magemu, ena amati amene akadali pa Windows 10 ndi wotsalira. Ine ndinangokhala chete chifukwa belu linali litatsala pang'ono kulira, koma nkhaniyi inandikhudza. Ndinaona ndi maso anga zimene zinachitika kwathu, nde ndati ndilembe pano kuti wina asagwe m'dzenje lomwelo.

Achimwene anga ali ndi kompyuta ya patebulo yomwe anagula yogwiritsidwa kale ntchito. Muli FIFA, GTA ndi magemu ena angapo. Loweruka ndi Lamlungu masana anyamata a m'dera mwathu amabwera kudzasewera n'kumalipira kangachepe, ndipo ndalama imeneyo ndi imene imandigulira makope ndi kuthandiza pa fizi. Tsiku lina kunabwera mnzawo ndi fulashi m'thumba. Anati, "Aise, ukadali pa Windows yakale? Ndikuikira yatsopano pompano, FIFA iziuluka." Kompyuta inakana, inalemba pa sikirini kuti siyikukwanira. Mnzawoyo anati palibe vuto, akudziwa njira yoizembera. Anafomata zonse n'kuikamo Windows 11 mokakamiza.

Zotsatira zake? Timu yomwe achimwene anaimanga kwa zaka ziwiri mu FIFA inapita. Zithunzi za ukwati wa achemwali zinapita. Manotsi anga a Biology omwe ndinataipa teremu yonse anapita. Bandulo yonse inathera kudawuniloda madiraiva a khadi la zithunzi, ndipo gemu itayamba kutseguka inkadukaduka kuposa kale. Kwa masabata awiri panalibe wobwera kudzasewera. Mnzawo uja sanaonekenso.

Sindikunena kuti Windows 11 ndi yoipa ayi. Chomwe ndikunena n'chakuti kusintha Windows si nkhani ya fashoni ngati kumeta tsitsi. Funso loyamba si lakuti "anzanga ali pa chiyani?" koma "kompyuta yangayi ingathe?"

Tiyeni tione kaye chifukwa chenicheni chimene anthu akusamukira. Windows 10 inatuluka mu 2015, ndipo Windows 11 inabwera pa 5 Okutobala 2021. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Izi sizikutanthauza kuti kompyuta yanu izima yokha. Iziyakabe, magemu aziseweredwabe. Chomwe chatha ndi zigamba zachitetezo, timapulogalamu timene Microsoft imatumiza kudzatseka mabowo omwe mavairasi ndi akuba a pa intaneti amalowera. Anaika ndondomeko yapadera yoti wolembetsa alandirebe zigambazi mpaka pa 13 Okutobala 2026, koma imeneyo ndi yongogulira nthawi basi. Choncho nkhani yeniyeni ndi chitetezo, osati liwiro la gemu.

Tsono Windows 11 ili ndi zofuna zake. Imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira zinthu osachepera 64 GB, Secure Boot, komanso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Pa purosesa, makamaka imalola za Intel zoyambira m'badwo wa 8, zomwe zinayamba kutuluka mu 2017, ndi za AMD Ryzen zoyambira pa 2000 kupita m'tsogolo. Apa ndi pamene makompyuta ambiri omwe timagula kuno amagwera, chifukwa ochuluka ndi aja anagwira kale ntchito m'maofesi akunja zaka zambiri asanafike m'mashopu athu. Musanamizidwe ndi sitika yoti "Core i5" kapena "Core i7". Yang'anani nambala yotsatira. Ikakhala i5-8400, ndi m'badwo wa 8, yakhoza. Ikakhala i5-4570 ngati ya achimwene, ndi m'badwo wa 4, yalephera mayeso.

Kudziwa zimenezi sikufuna katswiri. Microsoft ili ndi pulogalamu yaulere yotchedwa PC Health Check yomwe imakuuzani ngati kompyuta yakwanira, ndipo ikalephera imatchula pomwe yalepherera. Muthanso kudina batani la Windows pamodzi ndi R, n'kulemba tpm.msc, muona ngati TPM ilipo. Nthawi zina imakhala ilipo koma yozimitsidwa mu BIOS, komwe pa Intel imatchedwa PTT ndipo pa AMD imatchedwa fTPM. Mphindi zisanu zokha zikanapulumutsa zithunzi za ukwati zija. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Nanga zoti gemu imathamanga? Anzanga, liwiro la gemu limachokera ku khadi la zithunzi, purosesa ndi RAM. Windows yatsopano siisandutsa njinga ya kabaza kukhala njinga yamoto. Ngati kompyuta ili ndi 4 GB ndipo FIFA ikudukaduka, ndalama yomwe mukanampatsa woika Windows ndi bwino muisunge mpaka ikwane RAM ina kuti ifike 8 GB. Kapena gulani SSD m'malo mwa hard disk yakale ija. Pamenepo kusintha mudzakuona ndithu, kompyuta ikuyaka msanga ndipo gemu ikutseguka osakudikiritsani.

Ndikudziwa kuti ena munena kuti, "Koma ine ndinaikakamiza ndipo ikuyenda bwinobwino." Zoona, zimatheka. Koma Microsoft inaneneratu kuti kompyuta yotero siyitsimikiziridwa kuti izilandira zigamba. Ndiye mwathawa Windows yopanda chitetezo n'kukalowa ina yomwe chitetezo chake ndi cha mwayi. Komanso magemu ena a pa intaneti amafufuza okha. Valorant, mwachitsanzo, ikaona kuti muli pa Windows 11 imafuna TPM 2.0 ndi Secure Boot, popanda zimenezo siyitseguka. Mwakakamiza kuti musewere zatsopano, koma zatsopanozo n'kukukanani pakhomo.

Mbali inayo nayonso ili ndi mfundo, ndipo sindingaibise. Kukakamira chakale mpaka kalekale sikuthandiza. Steam, sitolo yaikulu ya magemu a pa kompyuta, inasiya kuthandiza Windows 7 ndi Windows 8 pa 1 Januwale 2024. Tsiku lina Windows 10 zidzaichitikiranso. Choncho amene kompyuta yake yakhoza mayeso, makamaka ngati amalowa nayo pa intaneti, asazengereze. Asamuke, ndipo kwa amene ali ndi Windows 10 yovomerezeka kusamukako n'kwaulere.

Koma asamuke mwanzeru. Choyamba, kopani zonse zofunika pa fulashi kapena pa hard disk ina: zithunzi, manotsi, ndi mafayilo osunga pomwe munafika m'magemu, omwe nthawi zambiri amakhala mu Documents. Chachiwiri, konzani bandulo yokwanira, chifukwa Windows 11 yokha ndi yoposa 5 GB, osawerengera madiraiva. Chachitatu, sankhani nthawi imene magetsi sakonda kuzima kwanuko, ndipo ngati ndi laputopu itchajeni idzaze. Magetsi akathima ntchito ili pakati, kompyuta itha kukana kuyaka. Chachinayi, ikakufunsani, sankhani kusunga mafayilo ndi mapulogalamu anu, osati kufomata. Mukatero mumakhala ndi masiku 10 oti mubwerere ku Windows 10 ngati magemu anu sakuyenda bwino. Wofomata alibe mwayi umenewu.

Nanga amene yake yalephera atani? Asaitaye, komanso asachite nayo manyazi. Ngati ntchito yake ndi FIFA ndi GTA basi, ikhalebe pa Windows 10, koma muichotse pa intaneti, musamalowerepo muakaunti zanu, ndipo musamalole fulashi ya aliyense kubayidwapo mwachisawawa. Njira ina ndi Linux Mint, yomwe ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makompyuta akale. Magemu ambiri a pa Steam amaseweredwa pa Linux kudzera pa Proton, ngakhale ena monga Fortnite ndi Valorant sayenda. Yesani kaye kuiyatsa kuchokera pa fulashi musanaiike, muone ngati mwaikonda.

Achimwene anabwerera ku Windows 10, anagula RAM ina, ndipo anyamata ayambanso kubwera Loweruka. Zithunzi za ukwati tinazipemphetsa kwa achibale, tinapezako zochepa chabe. Manotsi a Biology ndikukoperanso pamanja kwa mnzanga wa pa desiki.

Ndiye mnzanu akabwera ndi fulashi n'kunena kuti "ndikuikira pompano", muuzeni adikire kaye. Onani nambala ya purosesa, yendetsani PC Health Check, kopani zinthu zanu. Akakwiya ndi kudikirako, dziwani kuti zikavuta sadzakhalapo, ngati mnzawo wa achimwene uja. Amene akufuna timuonere limodzi kompyuta yake, alembe dzina la purosesa pa kapepala andipeze Lachisanu tikaweruka.

Mnzanu wa Fomu 3