GALU WAKO NDI WAKO, KOMA NDIWO NDI ZA TONSE

 Lero injini ndaziika pambali. Ndikufuna tikambe za agalu ndi chakudya, makamaka ku Mulanje komwe nsomba zathu zambiri zimakathera. Maganizo anga ndi awa: galu asamalowe m'golosale, m'bucha, pachiwaya kapena pamzere wa nsomba, kaya ndi wokongola bwanji, kaya munamugula ndalama zingati. Werengani mpaka kumapeto musananditukwane.

Mwina wina afunsa kuti za ku Mulanje zikutikhudza bwanji ife a m'madzi. Aise, usipa umene bambo ako agonera panyanja usiku wonse sudyedwa padoko. Umafutsidwa, kuyanikidwa pathandala, kulowa m'thumba, kukwera lole, kudutsa ku Limbe, n'kukatsikira pa Nkando, pa Chitakale kapena pa Limbuli, pafupi ndi chipata cha Muloza. Matemba a ku Chilwa nawo njira yake ndi yomweyo. Amene amaugula ndi mayi wothyola tiyi ku esiteti, wakabaza, mwana wasukulu wotumidwa ndiwo. Ndalama yawoyo ndi imene imabwerera kuno n'kugula petulo, oilo ndi mapulagi. Msika wa ku Mulanje ukadetsedwa, mbale yathu yadetsedwa.

Tsono taganizani mmene nsomba imagulitsidwira. Siikhala m'firiji yagalasi ayi. Imakhala pachiguduli, pansi, m'milumilu, ndendende pamene pamafika mphuno ya galu. Mandasi ali m'beseni lapansi. Mabanzi ali m'kreti pakhomo pa golosale. Nyama ya mbuzi yapachikidwa poyera, magazi akudontha. Kenako pakubwera mnyamata atakoka galu wachizungu pa tcheni, German Shepherd kapena Boerboel, akuyenda monyang'wa kuti anthu amuone. Galuyo sanalakwe. Mphuno yake ikugwira ntchito imene inalengedwera. Wolakwa ndi amene wagwira tcheni.

Ine sindidana ndi agalu. Pakhomo popanda galu, ukonde ndi injini sizigona bwino, tonse tikudziwa. Koma galu amanunkhiza padzala, amagudubuka pa zowola, amadzinyambita paliponse, ndipo amanyamula utitiri ndi nkhupakupa. M'chimbudzi chake mumakhala mazira a njoka za m'mimba, ndipo mwana akawameza kudzera m'manja kapena m'chakudya chakuda amatha kudwala. Nsomba ina mumaphika, chabwino. Nanga mandasi, mabanzi, nthochi, chinanazi chosenda kale, tchipisi? Izi zimachoka pamsika n'kulunjika m'kamwa.

Chachiwiri ndi chiwewe, ndipo apa tisasekepo. Chiwewe sichifala chifukwa chodya nsomba imene galu wainunkhiza, ndisakunamizeni. Chimafala galu wodwala akaluma, akakanda, kapena malovu ake akafika pabala. Koma ndi pati pamene galu amalumira msanga kuposa pamalo othinana, pali fungo la nyama, pali phokoso, mwana wamuponda mchira mosadziwa? Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia. Pa anthu 100 odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu, ndipo pafupifupi 40 mwa olumidwa 100 ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, munthu n'kuyamba kuopa madzi, basi, madokotala amangoyang'ana. Ku Blantyre ana anafa nacho ku chipatala cha Queen Elizabeth mpaka bungwe la Mission Rabies linabwera mu 2015 n'kubaya katemera agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha. Si nthano ya kutali iyi. Kuchoka ku Limbe kufika pa Chitakale ndi ulendo wa minibasi imodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndikudziwa zimene eni agalu ayankhe, ndipo ndiziyankhiretu.

Woyamba ati, "Galu wanga ndi wobayitsa, ndimamusambitsa ndi sopo wodula." Zikomo, mwachita bwino, pitirizani. Koma mayi wogulitsa usipa uja adziwa bwanji? Katemera salembedwa pamphumi pa galu. Mukaloledwa inu, mnzanu wa galu wosabayitsa alowanso, ndipo mwini shopu sangayime pakhomo n'kumafunsa makadi ngati wapolisi wa pamsewu. Lamulo lophweka ndi limodzi: onse panja.

Wachiwiri ati, "Kunja azungu amalowa nawo m'mashopu, ndaona pa TikTok." Man, foni imakuonetsa chidutswa. Ku America komweko malamulo a zaukhondo wa chakudya saloleza agalu oweta m'masitolo ogulitsa zakudya. Amene amaloledwa ndi agalu ophunzitsidwa kuthandiza anthu olumala, monga otsogolera munthu wosaona. Ameneyo nanenso ndikuti alowe, chifukwa ndi maso a mwini wake. Koma wako uja wokajambulitsa naye pa Facebook si maso ako. Komanso kumbuka kuti kumeneko chakudya chili m'mapaketi ndi m'mafiriji, pomwe kwathu chili pachiguduli.

Wachitatu ati, "Nanga agalu oyendayenda aja adzadza kale mumsika, wangayu ndiye walakwa chiyani?" Apa pali zoona pang'ono. Agalu opanda mwini alipo, amazungulira pa bucha ndi padzala. Koma boti likamalowa madzi pena, suboola penanso n'kumati lalowa kale. Umatseka pobowokapo. Makomiti a misika ndi khonsolo ya boma la Mulanje, amene amatolera ndalama ya tikiti kwa ogulitsa, nkhani ya zinyalala ndi agalu oyendayenda ndi yawo, ndipo tiziwafunsa. Koma galu wa pa tcheni ali ndi mwini, ndipo mwiniyo ali ndi makutu.

Pali chinanso chimene ife a ku Mangochi timachidziwa bwino. Kwa abale athu achisilamu ambiri, malovu a galu ndi odetsa, ndipo chimene galu wanyambita sangachidye. Ena si nkhani ya chipembedzo, amangoopa agalu basi, mwina analumidwapo ali mwana. Anthu amenewa sakangana nawe. Amangotembenuka n'kukagula kwina. Wagalu wapita kwawo akuimba likhweru, wotsala ndi mulu wa nsomba wosagulidwa ndi mayi amene anakongola mpamba ku banki mkhonde. Ufulu wanji umene bilu yake amalipira wina?

Ndipo tisamangoloza ku Mulanje. Ifenso padoko, ndi angati amene amayanika nsomba pamchenga agalu akudutsapo? Thandala likhale lokwera, matumba asagone pansi, matumbo a nsomba tizikwirira m'malo mongotaya m'mbali mwa madzi. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a kunyanja analira kwambiri. Sanabwere ndi agalu, koma anatiphunzitsa kuti uve pachakudya ulibe chibale.

Ndiye tichite chiyani? Uli ndi galu, musiye kunyumba ukamapita kokagula ndiwo. Ngati wayenda naye, mumangirire patali pamthunzi, kapena mnzako amugwire panja. Uli ndi golosale, bucha kapena chiwaya, lemba pakhomo kuti AGALU PANJA, ndipo usachite manyazi kubweza munthu ngakhale wabwera pa galimoto. Mubayitse galu wako chaka ndi chaka kwa alangizi a ziweto. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa m'dera, chiwewe chimasowa podutsa. Pa 28 Seputembala ndi tsiku lokumbukira za chiwewe padziko lonse, koma usadikire tsikulo.

Wina akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangani kuchipatala tsiku lomwelo kuti akalandire katemera. Ku Mulanje kuli chipatala chachikulu cha boma, kulinso Mulanje Mission. Musapake phulusa kapena ubweya wa galuyo, ndipo musadikire kuti muone ngati munthu adwale. Chiwewe chimatha kubisala miyezi iwiri kapena itatu, bala litapola kalekale.

Tumizani uthengawu kwa achibale anu ogulitsa nsomba pa Limbuli ndi pa Chitakale, komanso kwa mnzanu uja wa galu wa pa tcheni. Akakwiya, mupatseni nambala yanga, tikambirane ngati anthu akuluakulu.