ZA PA MOTO: Lokshyna, Chakudya cha Mabanja a ku Ukraine

Mwezi uno tifuna kukuuzani za chakudya cha anthu akutali, a dziko la Ukraine, limene liri kum'mawa kwa Ulaya. Dzina lache ndi lokshyna. Ndiwo ufa wa tirigu wokanda ndi mazira, umene amaudula ngati tizingwe. Tizingweto akatiwiritsa amatisakaniza ndi tchizi ndi mazira ena, naotcha zonse pamodzi kufikira zitagwirana ngati chigumu. Chootchacho eni ache amachitcha lokshynnyk, ena amati zapikanka, ndiko kunena kuti chophikidwa mu uvuni. Maina ndi achilendo, koma zofunika zache tonse tizidziwa: ufa, mazira, mkaka ndi mchere. Chobvuta chiripo chimodzi chokha, ndicho chakuti chakudya chimenechi chikana mai waphuma. Wochiphika mothamanga angotaya mazira 6 ndi ufa wogula ndi ndalama, ndipo m'mbale mwache mudzakhala phala.

Dziko la Ukraine liri ndi zigwa zazikulu za dothi lakuda, la chonde chochuluka, ndipo tirigu amabereka kumeneko koposa. Monga chimanga chiri kwa ife, momwemonso tirigu kwa iwo. Mbendera yao iri ndi mitundu iwiri, wobiriwira ngati thambo pamwamba ndi wachikasu pansi, ndipo ambiri amati ndicho chithunzi cha thambo pamwamba pa munda wa tirigu wakucha. M'nyumba za kumidzi kale munali uvuni waukulu wa dothi kapena wa njerwa, dzina lache pich, umene unali kuphika chakudya ndi kufunditsa nyumba yonse, kotero kuti nyengo ya chisanu ana ndi okalamba anali kugona pamwamba pache. Nkhuni zikanyeka, mai anali kukankhira makala pambali, naikamo miphika yache kuti ipse ndi kutentha kotsala m'makoma. Ndi chifukwa chache zakudya zambiri za anthu amenewa zifuna moto wofatsa ndi nthawi yaitali.

Chakudya ichi chiyenderanso pamodzi ndi masiku a kusala. Akristu ambiri a ku Ukraine ndi a Eklezia wa Orthodox, koma alipo mamiliyoni angapo, makamaka kumadzulo kwa dziko, ku mbali za mzinda wa Lviv, amene ali Akatolika a mwambo wa kum'mawa. Eklezia wao adagwirizana ndi Papa pa pangano la ku Brest m'chaka cha 1596. Kwa onsewa Lenti iyamba Lolemba, osati Lachitatu la Phulusa monga kwa ife, ndipo mwa mwambo wakale wosala sadya nyama, mazira, mkaka, batala kapena tchizi kufikira Paska. Tsono sabata yotsiriza Lenti isanayambe, imene amaitcha Masnytsia kapena Sabata ya Tchizi, nyama amakhala ataisiya kale, ndipo banja limamaliza mazira ndi za mkaka zonse ziri m'nyumba kuti pasaonongeke kanthu. Lokshyna wa tchizi ayenerana ndi sabata yotere, pakuti amwa mazira ndi mkaka wambiri nthawi imodzi, nakhutitsa banja popanda nyama.

Tiyambe ndi tchizi, popeza ndiye atenga masiku. Tchizi wa anthu a ku Ukraine, amene amamutcha syr, ndi woyera ndi wofewa, ndipo mai aliyense angathe kumpanga ndi chambiko. Tengani malita 2 a mkaka. Ngati ndi wokama kumene, yambani mwauwiritsa, chifukwa mkaka wosawiritsa ungathe kupatsa banja chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ena. Ukazizira kufikira utangofunda, thiranimo masupuni 3 a chambiko chabwino, mubvundikire, muusiye pamalo pofunda tsiku limodzi kapena masiku awiri kufikira utagwira. Mafuta amene ayandama pamwamba muwachotse ndi supuni ndi kuwasunga padera. Amenewa eni ache amawatcha smetana, ndipo tidzawafuna patsogolo. Chambiko chotsalacho muchiike pa moto wochepa, osatakasa kwambiri. Chikatentha mudzaona zoyera zirikupatukana ndi madzi achikasu. Pomwepo chotsani mphika, pakuti chikawira tchizi amauma, nakhala ngati mchenga m'kamwa. Khuthulirani zonse pa nsalu yoyera yochapa bwino, mumange nsonga zache, muipachike kuti madzi azidontha m'mbale usiku wonse. M'mawa mudzapeza tchizi wokwana kapu imodzi ndi theka kapena makapu 2. Amene agula chambiko ku sitolo angoyambira pa kutenthetsa.

Tsopano tizingwe. Thirani makapu 3 a ufa wa tirigu m'beseni, ndiwo magalamu ngati 400, mukumbe kadzenje pakati, muswere momwemo mazira 3, ndi kuthira theka la supuni yaing'ono ya mchere ndi masupuni 3 a madzi. Sakanizani ndi dzanja, ndipo mukande kwa mphindi 10. Ufawo udzaoneka wouma ndi wolimba koposa wa mandasi, ndipo mtima udzakuuzani kuti muonjeze madzi. Musaumvere msanga. Onjezani supuni imodzi yokha ngati ufa ukana ndithu kugwirana, chifukwa ufa wofewa umamatirira podula, nusungunuka m'madzi owira. Tikuchenjezeninso kuti ufa wa chimanga sungalowe m'malo mwa tirigu pa ntchito imeneyi. M'tirigu muli ulimbo wache umene umadzuka pokanda, ndiwo umalola ufa kutambasuka osang'ambika, ndipo chimanga ulimbo umenewo chiribe.

Mukatha kukanda, bvundikirani ufawo ndi mbale, muusiye theka la ora. Amai ambiri amalumpha apa, ndipo amalimbana ndi ufa umene ubwerera m'mbuyo nthawi zonse akautambasula. Ukapumula, ulimbo uja umamasuka, ndipo ntchito imapepuka. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Gawani ufawo patatu. Wazani ufa wouma pa thebulo loyera, mugudubuze mpini wosalala kapena botolo pamwamba pa gawo limodzi, kuchokera pakati kunka m'mbali, ndi kumatembenuza, kufikira litapyapyala kotero kuti mukaliyang'anitsa ku dzuwa muona mthunzi wa dzanja lanu kuseri. Yalani magawo atatuwo pa nsalu kwa mphindi 20 kapena 30, kuti aume pamwamba koma asachite kuthyoka. Pamenepo wazani ufa pang'ono pa gawo lirilonse, mulikulunge ngati mphasa, mulidule ndi mpeni wakuthwa m'tizidutswa ta theka la sentimita, ngati luzi lopyapyala. Nyamulani ndi zala ndi kukutumula, ndipo tizingwe tidzamasuka tokha. Tiyaleni pa lichero.

Wiritsani madzi ambiri mu mphika waukulu, malita 4 kapena kuposa, ndi supuni imodzi ya mchere. Akabwata, ponyanimo tizingwe pang'ono pang'ono, mukutakasa kuti tisamatane. Mphindi 3 kapena 4 zikwanira. Lumani kamodzi: kakhale kofewa kunja ndi kolimbirapo pakati, pakuti tidzapsanso kachiwiri pootcha. Tsanulani madzi onse, muthiremo masupuni 2 a batala kapena mafuta ophikira, muzisiye zizizire pang'ono. Mukathira mazira pa tizingwe totentha, mazirawo amapsa nthawi isanakwane, ndipo chakudya sichigwirana.

M'mbale yina menyani mazira 3 otsala, muonjezemo tchizi uja, theka la kapu ya mafuta a mkaka aja mudasunga, ndi mchere pang'ono. Ngati mafutawo achepa, kwaniritsani ndi chambiko. Apa njira zipatukana pawiri, ndipo zonse ziwiri zipezeka m'mabanja a ku Ukraine. Ofuna chotsekemera amathira masupuni 4 a shuga, mphesa zouma, kapena maapulo oduladula ndi sinamoni. Ofuna cha mchere amakazinga anyezi kufikira atafiira, ndipo masiku osasala amaonjeza tizidutswa ta mafuta a nkhumba tokazinga, timene amatitcha shkvarky. Sakanizani zonse ndi tizingwe mofatsa, osakanyanga.

Pakani mafuta m'kati mwa mphika wa chitsulo, pansi ndi m'mbali momwe, ndi kuwazamo nyenyeswa za buledi wouma ngati ziripo, kuti chootchacho chidzatuluke osakakamira. Khuthuliranimo chosakanizacho, chisapitirire zala zinai kuzama kwache, musalaze pamwamba ndi kudontheza batala pang'ono. Amene ali ndi uvuni aotche pa madigiri 180 kwa mphindi 40 kapena 45. Amene alibe achite monga tichitira ndi chigumu: makala ochepa pansi pa mphika, ndi ochulukirapo pamwamba pa chibvundikiro cha chitsulo. Moto wa pansi ukakula, pansi papserera pakati pasanagwire, ndipo mazira akapsa mopitirira amafinya madzi ao, chakudya n'kukhala chouma ndi chamadzi nthawi imodzi. Muzizungulitsa mphika kawiri kapena katatu, koma musabvundukule kawiri kawiri. Pamwamba pakafiira, bayani mpeni pakati. Ukatuluka wopanda zamadzi, chapsa.

Kudekha kotsiriza ndi uku: musadule pomwepo, ngakhale ana alire ndi fungo. Dikirani mphindi 15 kuti mazira amalize kugwira, ndipo mudzadula magawo oima okha ngati njerwa. Muyeso umene tapereka ukwanira anthu 6 kapena 8. Eni ache amadya chotentha, ndi smetana pamwamba. Chotsala amachidula m'mawa mwache, nachikazinga ndi batala pang'ono. Koma kuno kwathu kotentha, chakudya cha mazira ndi mkaka chisagone ngati mulibe pozizira pochisunga. Muchimalize tsiku lomwelo, kapena mupatseko anansi. Madzi achikasu otuluka m'tchizi musataye. Ndi abwino kukandira buledi kapena mandasi, ndipo angalowenso m'malo mwa madzi aja a mu ufa wa tizingwe.

Kusataya kanthu kumeneku anthu a ku Ukraine adakuphunzira ndi misozi. M'zaka za 1932 ndi 1933, dziko lao liri pansi pa boma la Soviet Union lolamulidwa ndi Stalin, anthu a kumidzi adaumirizidwa kulima minda ya pamodzi ya boma, ndipo tirigu wao adalandidwa. Magulu a anthu otumidwa anali kulowa m'nyumba kufunafuna chakudya chobisika. Lamulo la pa 7 August 1932 lidati wotenga zokolola za m'minda imeneyo aphedwe kapena amangidwe zaka 10, ndipo lidagwira ngakhale otola ngala zochepa zotsalira pokolola. Pa dothi lachonde lomwelo padafa anthu oposa mamiliyoni atatu ndi theka, ambiri a iwo alimi ndi ana ao. Njala imeneyo amaitcha Holodomor, ndiko kupha ndi njala, ndipo chaka ndi chaka, Loweruka lachinai la mwezi wa November, mabanja amayatsa kandulo pa zenera kukumbukira akufawo. M'nyumba zambiri, buledi akagwa pansi agogo amamtola, nampsompsona. M'chaka cha 2022, pamene asilikari a Russia adalowa m'dzikomo ndi kutseka madoko a pa nyanja ya Black Sea, tirigu wambiri adakanika kutuluka, ndipo mtengo wache udakwera pa dziko lonse lapansi.

Chifukwa chache, inu amai, tsiku limene mudzayesa chakudyachi, musankhe la mpata, monga la ubatizo wa mwana kapena la kulandira alendo, ndipo tchizi muyambe masiku awiri lisanafike. Itanani ana anu aakazi ndi aamuna omwe kuti akuthandizeni kukanda, pakuti ntchito imeneyi ifuna mikono, ndipo luso lache limalowa ndi manja. Inu abambo, konzani makala a mtengo wolimba, osachedwa kuzima, ndi kunola mpeni. Mukamagawa, muwauze ana za anthu amene chakudyachi chidachokera kwa iwo, ndi chifukwa chimene sataya ngakhale kanyenyeswa.