Mwana Akuyamba Nazale, Ovutika Ndife

Seputembala akamayandikira, kuchigayo, pamjigo ndi m'minibasi za ku Ndirande kapena Area 25 nkhani imakhala imodzi: mwana akuyamba nazale. Palibe amene amatsutsa. Kamwana ka zaka 3 sikangatsale kokha pakhomo amake ali kumsika, abambo ake ali kuganyu. Agogo amene ankalera zidzukulu anatsala kumudzi, ndipo mtsikana wantchito amatchula malipiro oti eni akefe sitiwalandira. Ndiye timapita kukalembetsa.

Kumeneko amatiuza kuti, "Mumukonzekeretse mwanayu." Mawuwo ndi abwino, koma akatero amatulutsa pepala. Yunifolomu yogula pasukulu pomwepo, osati kwa telala wathu wapakhonde. Ina yamasewera. Juzi, ngakhale kutsogoloku kuli dzuwa la Okutobala. Nsapato zakuda, chikwama, botolo la madzi, makrayoni, sopo, matishu ndi mtolo wa mapepala 500. Munthu woti pensulo amaigwira ngati mthiko, mapepala 500 alembapo chiyani? Sitifunsa mokweza, timaopa kuti mwana wathu angamamuyang'ane ndi diso lofiira. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kalata iliyonse yokweza fizi imanena za kukwera mtengo kwa zinthu, ngati kuti ifeyo tili ndi msika wathuwathu.

Kukonzekeretsa kwenikweni timakudziwa, ndipo sikulembedwa papepalapo. Ndi kumusiyitsa thewera, kumukhazika papoti m'mawa ndi madzulo, kuchapa zofunda tsiku ndi tsiku mpaka ataphunzira kunena yekha akafuna kukodza. Ndi kumuzoloweza kudya ndi supuni, kudzikweza kabudula, kutchula dzina lake ndi la amake. Mwana woti dzulodzuloli anali kumsana, amagona atagwira chitenje cha amake, timamuphunzitsa zonsezi m'chilankhulo chimene anayamwa. Akafika kusukulu amapeza lamulo loti Chichewa ayi. Kamwana kamangopondaponda pansi, katapana miyendo, kakusakasaka mawu a Chingerezi mpaka zinthu zitatayika. Masana timalandira kabudula wonyowa m'jumbo, ndi uthenga woti sitinamukonzekeretse. Akuti makolo ndi amene amafuna Chingerezi. Inde timachifuna, koma osati pakhomo la chimbudzi.

Akatswiri a pawailesi ndi pa Facebook amalangiza kuti tipite naye kukaona sukuluyo asanayambe, tsiku loyamba tikhale naye kanthawi, titsanzike bwinobwino, tisazembe. Zoona zake ndithu, mwana wozembedwa amasiya kukhulupirira. Koma malangizowo ndi a anthu amene bwana wawo amamva. Ife timamukweza pakabaza 6 koloko m'mawa, pageti anti amamutenga m'manja mwathu akuphiriphitha, geti n'kutsekedwa. "Pitani amayi, asiya posachedwa." Timapitadi, kulirako kukutilondola mpaka pasiteji, ndipo tsiku lonse chenji cha makasitomala timachisokoneza.

Za chakudya tisanene zambiri. Timadzuka usiku kuwiritsa mbatata, amabwera nayo yosaluma chifukwa mnzake anali ndi Kamba ndi yogati. Sabata yachiwiri chimfine, yachitatu chifuwa, kenako zipere. Masiku amene wakhala kunyumba akudwala sachotsedwa pa fizi.

Achibale athu kumudzi amati ife a m'tauni tikudandaula titakhuta. Kwawo kuli sukulu za mkombaphala, zina m'tchalitchi, zina m'chisakasa kapena pansi pa mtengo. Alezi ambiri amangodzipereka, ndipo dzinja likafika nawonso amayenera kupita kumunda kwawo. Makolo amasonkha ufa, shuga ndi nkhuni, amayi n'kumasinthana kuphika. Mu Januwale ndi Febuluwale ufa ukatha m'nyumba, phala limatha, ndipo phala likatha ana sabwera. Boma linathetsa fizi ya kupulayimale mu 1994, tinawomba m'manja, koma Sitandade 1 imayamba mwana ali ndi zaka 6. Zaka za m'munsizi, zomwe akatswiri omwewo amati ndi pamene ubongo umakula mofulumira, zinatsala m'matumba mwathu ndi pamsana pa anthu osalipidwa.

Ambiri a ife tinayamba sukulu podutsitsa mkono pamutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Ukaligwira, wakula, lowa m'kalasi. Lero mwana asanazolowere n'komwe kusiya kulira pageti, m'chikwama mwake timapezamo kalata ina yopindidwa, yonyowa ndi juwisi. Akuti tiyambe kusonkha ya ulendo wokaona nyama, ndipo amene ana awo akumaliza chaka chino asaiwale ya gauni ndi chipewa cha galajuweshoni, komanso ya wojambula zithunzi.