MAINA OFUFUTIDWA M'KAUNDULA WA MASHEYA

Pa 26 May 1896 Bambo Charles Dow wa ku New York anasankha makampani 12, naphatikiza mitengo ya masheya ao kuti apeze nambala imodzi yosonyeza umo msika ukuyendera. Ici ndico ciyambi ca Dow Jones Industrial Average. Lero palibe dzina ndi limodzi lomwe la makampani aja limene latsala m'mndandandawo. General Electric, imene inakhalitsa koposa, inacotsedwa mu 2018.

Nkhaniyi iri ndi kanthu kwa ophunzira zacuma m'mayunivesite. Munthu wofuna kudziwa phindu limene masheya anabala m'zaka 50 zapitazo amakopeka kutenga mndandanda wa lero, popeza supezeka mobvuta, nabwerera nao m'mbuyo. Potero amawerenga opulumuka okhaokha. Aphunzitsi acidziwa cinyengo cotere. Mkuru wa sukulu akafufuta m'kaundula ana onse osiyira panjira, nalengeza kuti kalasi lonse lakhoza mayeso, Woyendera Masukulu sangamuyamike. Comweconso Enron, imene inagwa mu 2001, ndi Lehman Brothers, imene inagwa mu 2008, sizioneka m'mndandanda wa lero wa S&P 500; koma zinalimo, ndipo anthu anataya ndarama zao m'menemo.

Cofunika tsono ndi kaundula wonena tsiku limene kampani iriyonse inalowa ndi limene inaturuka. Wa Dow sabvuta kwambiri, pakuti ciyambire 1928 makampani ake ndi 30 okha. Nchito yolemetsa iri pa S&P 500, imene inayamba mu 1957. Makampani amagulana, amasintha maina, ndipo zilembo zimene kampani yakufa inkadziwika nazo pa msika zimapatsidwa kwa ina. Wosacenjera angalumikize mbiri za makampani awiri osiyana, nayesa kuti ndi imodzi.

Mu 1960, pa yunivesite ya Chicago, anakhazikitsa bungwe la CRSP ndi thandizo la ndarama za Merrill Lynch. Akuru awiri, James Lorie ndi Lawrence Fisher, anasonkhanitsa mitengo ya masheya a pa msika wa New York kuyambira 1926, osasiya a makampani akufa, ndipo mu 1964 anaonetsa kuti phindu lake linali pafupifupi 9 pa 100 pa caka. Bungweli limapatsa sheya iriyonse nambala yosasintha, ngakhale dzina lisinthe kangati.

Codandaulitsa ndi cakuti kaundula wotere ngwolipira, ndipo mtengo wake amautha ndi mayunivesite olemera. Si cinthu coyenera kuti mbiri ya misika, imene aphunzitsi ndi anchito a Boma asunga m'menemo ndarama za penshoni m'maiko ambiri, ikhale yotsekeredwa cotero. Wophunzira wosauka amatsala ndi njira imodzi: kuyambira pa mndandanda wa lero, nafunafuna zilengezo zonse m'manyuzipepala akale, kubwezera amene anacotsedwa ndi kucotsa amene analowa, caka ndi caka. Akaphonya cilengezo cimodzi cokha, zaka zonse za m'mbuyo mwace zalakwika.