Wophunzira Terapia Ocupacional asasenze yekha katundu

Mwana wa ku Cateme kapena ku Zóbuè akatsiriza kalasi ya 12 nanena kuti afuna kukaphunzira Terapia Ocupacional, makolo ambiri amangofunsa ngati adzakhala dokotala kapena namwino. Akamva kuti iyayi, amagwa mphwayi, ndalama ya ulendo osaoneka. Maganizo otere akumana boma la Moatize antchito amene likuwasowa kwambiri.

Ntchito yake ndi iyi. Munthu akadwala tromboze nafa mbali imodzi, dokotala amapulumutsa moyo wake, wa fisioterapia amalimbitsa minofu, tsono wa Terapia Ocupacional amamphunzitsanso kudya nsima yekha, kumanga kapulana ndi dzanja limodzi, kusamba ndi kupita kuchimbudzi osanyamulidwa. Amakulunga supuni ndi mphira kuti zala zofooka zigwire. Amakonzera mpando mwana wolumala kuti akhale tsonga, adye osatsamwa.

Odwala otere ngambiri kuno. Alipo ovulala pa msewu wa N7 wopita ku Zóbuè, kumene malole ndi njinga zamoto zimalimbirana njira. Aliponso akuluakulu amene anaponda mabomba okwirira pansi. Nkhondo inatha m'chaka cha 1992, ndipo mu 2015 boma linalengeza kuti mabomba odziwika onse achotsedwa, koma amene anaduka miyendo akali m'midzi.

Maphunzirowa amapezeka ku ISCISA, sukulu yaikulu ya boma ya zaumoyo ku Maputo, imene inakhazikitsidwa mu 2003. Wofuna malo ayenera kupambana mayeso olowera, kenaka aphunzire zaka zinayi. Amaloweza maina a mafupa, minofu ndi mitsempha. Amaphunzira kakulidwe ka mwana ndi matenda a maganizo, zonsezi m'Chipwitikizi cha m'mabuku, chosiyana ndi cha pamsika. Ikafika nyengo ya estágio, usana amakhala m'chipatala ndi odwala, aphunzitsi akumuyang'anira, usiku akulemba malipoti ndi kukonzekera mayeso. Chaka chomaliza amalemba kafukufuku wake nakauteteza pamaso pa aphunzitsi.

Kwa mwana wa ku Tete katunduyu ngolemera kawiri. Maputo ali pa mtunda wopitirira makilomita 1,500. Chipinda ncholipira, shapa yopita ku estágio njolipira, mapepala ojambulitsa ngolipira, chikhalirecho estágio si ntchito ya malipiro. Ndalama ikatha pakati pa chaka, mwana wanzeru amayamba kujomba kuti afune ganyu, ndipo mayeso sadikira munthu.

Kaamba ka ichi, makolo asamuitanitse mwanayu dzinja kuti adzathandize kupalira. Asamtumizire mndandanda wa mavuto a ndalama ngati wayamba kale ntchito. Akakhala mtsikana, amalume asamubweretsere nkhani za ukwati asanatsirize. Mbuzi imodzi yogulitsidwa pa nthawi yake ingapulumutse chaka chonse cha sukulu.

Komabe banja lokha silingathe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mudzi wa Cateme unabadwa chifukwa cha malasha, pamene kampani ya Vale inasamutsirako mabanja opitirira 700 mu 2009 ndi 2010, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni ya Moatize. Mgodiwo unagulitsidwa kwa Vulcan mu 2022. Ndi bwino eni mgodi ndi akuluakulu a chigawo agwirizane zopereka bolsa kwa ana awiri kapena atatu a kuno, pa pangano lolembedwa lakuti akatsiriza adzabwerera kudzagwira ntchito zaka zingapo. Boma nalo liwatsegulire malo, asakhale ndi digiri m'thumba ntchito palibe.

Ena adzati kuyambe kwakwana anamwino ndi azamba. Nzoona kuti amenewo akusowa. Koma wolumala wosathandizidwa amakhazika pansi anthu awiri, iye mwini ndi womusamalira, amene kawirikawiri amakhala kamtsikana kosiyitsidwa sukulu.

Ndiponso ntchito imeneyi imayenda ndi kucheza. Agogo odwala sangafotokoze m'Chipwitikizi mmene khasu likuwapulumukira m'manja. Afunika mwana wolankhula Chinyungwe ndi Chichewa, wodziwa mtondo, mkeka ndi mtunda wa kuchitsime. Mwana wotere ali m'kalasi ya 12 ku Cateme chaka chino, ndipo makolo ndi akuluakulu ayambe kumkonzera ulendo mayeso asanafike.