Njala sichiza mwana woopa chakudya

Mayi akadandaula kuti mwana wake akukana kudya, yankho limabwera msanga: musiyeni, njala ikamuwawa adya yekha. Kwa ana ambiri zimenezi n'zoona. Mwana wa zaka ziwiri amene lero wakankha mbale ya therere, mwezi wamawa amalinyambita, ndipo kusankha zakudya kwa msinkhu umenewu kumatha kokha. Koma alipo ena, ana ndi akuluakulu omwe, amene njala siwafikitsa pa mbale. Vuto lawo linapatsidwa dzina loti ARFID mu 2013, pamene bungwe la American Psychiatric Association linatulutsa buku lake la DSM-5, ndipo bungwe la WHO linaliika pa mndandanda wa matenda wa ICD-11 umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Mfundo yanga ndi yakuti katswiri wa kadyedwe amene akuthandiza munthu wotere ayenera kuyambira pa zakudya zochepa zomwe munthuyo amadya kale, osamulanda, ngakhale zitakhala zimene ifeyo timazinyoza.

ARFID si kuopa kunenepa, ndipo apa m'pamene imasiyanira ndi anorexia. Imabwera m'njira zitatu, zimene nthawi zina zimakumana mwa munthu mmodzi. Wina amanyansidwa ndi fungo, mtundu kapena kamvekedwe ka chakudya m'kamwa, moti kachibuluma kamodzi m'phala kamamuchititsa mseru mpaka kusanza. Wina samva njala, amaiwala kudya, ndipo akadya pang'ono wakhuta. Wachitatu anatsamwidwapo, mwina ndi munga wa nsomba, ndipo chiyambire tsiku limenelo mmero umakana chilichonse cholimba. Madokotala amati ndi ARFID pokhapokha zafika poti munthu akuwonda, sakukula, akusowa michere m'thupi, akudalira chakudya cha m'paipi, kapena sangathe kudya pamodzi ndi anzake.

Nkhani ya mnyamata wina wa ku Bristol, ku England, imene madokotala anaifalitsa mu 2019 m'magazini ya Annals of Internal Medicine, ikuonetsa mmene langizo wamba limalepherera. Kuyambira ali ku pulayimale ankangodya tchipisi, Pringles, buledi woyera, soseji ndi timagawo ta nyama ya nkhumba yokonzedwa ku fakitale. Ali ndi zaka 14 anapita kwa dokotala akudandaula kutopa. Anamupeza ndi vitamini B12 wochepa, anamubaya majakisoni n'kumulangiza za kadyedwe koyenera. Pa zaka 15 makutu ndi maso zinayamba kuvuta, ndipo pofika zaka 17 mitsempha ya maso inali itawonongeka kosachiritsika. Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi n'chakuti msinkhu ndi kulemera kwake zinali zabwinobwino. Sikelo sikanamugwira. Langizo loti azidya zakasinthasintha analimva ndithu, koma kuuza munthu wa ARFID kuti azidya masamba n'chimodzimodzi kuuza woopa madzi kuti angodumphira m'dziwe.

Katswiri wa kadyedwe wodziwa vutoli amayamba mwa njira ina. Amalemba chilichonse chimene munthuyo amalola, mpaka kaphikidwe kake ndi mbale imene amadyera, kenako amaona zimene zikusowa m'thupi mothandizana ndi dokotala woyeza magazi. Mipata imeneyo amayamba waitseka ndi mavitamini kapena zakumwa zowonjezera mphamvu, n'kukhazikitsa nthawi zodyera, chifukwa amene samva njala sangadikire kuti mimba imukumbutse. Jennifer Thomas ndi Kamryn Eddy a ku chipatala cha Massachusetts General ku Boston, amene anakonza chithandizo chotchedwa CBT-AR cha maulendo 20 mpaka 30, amati ngati wodwala wawonda, ayambe wachulukitsa zimene amadya kale, zachilendo zibwere pambuyo. Zachilendozo zimabwera pang'onopang'ono: kuchiyang'ana chakudyacho, kuchigwira, kuchinunkhiza, kuchilawa, kenako kuchitafuna, ndipo amabwereza kambirimbiri. Mwana wodya tchipisi yekha sapatsidwa chisoso tsiku loyamba. Amayamba ndi tchipisi yemweyo wodulidwa mosiyana, kenako mbatatesi yowotcha, kenako mbatata ya kholowa yofiira mkati yokazingidwa ngati tchipisi, imene imabweretsa vitamini A popanda kusintha kwambiri zimene lilime linazolowera.

Ambiri anena kuti uku n'kusasatitsa mwana, kuti makolo athu sankafunsa mwana chimene akufuna. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake: cholinga si kusiya munthu pa zakudya zisanu moyo wake wonse, ndipo banja longophika zimene mwana walamula, popanda dongosolo lopita patsogolo, silikumuthandiza. Koma kuganiza kuti gwero ndi kulera kofewa kukutsutsana ndi umboni. Kafukufuku wa amapasa ku Sweden, amene anatsogoleredwa ndi Lisa Dinkler wa ku Karolinska Institutet ndipo anatuluka mu 2023, anapeza kuti pafupifupi 79 peresenti ya kusiyana kwa ana pa vutoli imachokera ku chibadwa. ARFID imapezekanso kawirikawiri mwa ana a autism, amene fungo ndi phokoso zimawafika mwamphamvu kuposa anzawo. Za kukakamiza nazo zinayesedwa. Mu kafukufuku amene anatuluka mu 2006, Amy Galloway, Leann Birch ndi anzawo ku America ankapatsa ana a mkaka supu, nthawi zina akuwauza mobwerezabwereza kuti amalize. Anawo ankadya bwino pamene sakuumirizidwa, ndipo supu wowaumirizayo ankamunenera zoipa zambiri. Amenewo anali ana opanda vuto lililonse. Nanga kuli bwanji mwana amene akuopa kutsamwa, atapanidwa pamiyendo, mphuno yotsinidwa, phala likuthiridwa m'kamwa? Chimene akuphunzira n'chakuti mantha ake anali oona.

Pali kutsutsa kwina kolemera kuposa kumeneku: kodi dziko lathu lino, limene ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, malinga ndi kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016, lingataye nthawi pa mwana wokana chakudya chimene chilipo? N'zoona kuti vuto lathu lalikulu ndi kusowa kwa chakudya, ndipo malamulo a DSM-5 amanena momveka kuti mwana wosadya chifukwa m'nyumba mulibe kanthu alibe ARFID. Koma chibadwa sichisankha nyumba zolemera zokha. Mwana wa kumudzi amene mmero wake umakana nsima ndi ndiwo alibe mashelefu a m'sitolo oti asankhepo, ndipo akanyentchera n'kufika ku chipatala, akhoza kukananso chiponde chomwe chikanamupulumutsa, mayi ake n'kutengedwa ngati osasamala. Akatswiri a kadyedwe a m'zipatala ndi ochepa kwathu kuno, ngakhale kuti sukulu ya LUANAR inayamba kuwaphunzitsa. Ndiye chifukwa chake funso liyenera kuyambira kusikelo. Mlangizi wa zaumoyo, m'malo mongobwereza za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, afunse kuti mwanayu amalola zakudya zingati, ndipo amatani akaona chachilendo. Yankho likakhala loti zitatu zokha, ndipo amasanza kapena kulira ndi mantha, mwanayo atumizidwe kwa dokotala kuti aone kaye ngati palibe vuto la kumeza kapena la m'mimba, kenako kwa katswiri wa kadyedwe ndi wa za maganizo, zakudya zitatu zija zisanachotsedwe pa mbale yake.