Tiphunzitse agalu athu, tiwabayitse katemera

M'maiko ena muli masewera omwe ambiri kuno kwathu angaseke atawamva: mpikisano wa agalu wothamanga modutsa zopinga, womwe eni ake amautcha agility. Galu amalowa m'bwalo wopanda chingwe m'khosi. Amadumpha mipiringidzo, amalowa m'chipaipi chansalu n'kukatulukira mbali ina, amakhotakhota pakati pa mizati 12 yozikidwa mondondozana, kenako amakwera thabwa lomwe limapendekeka akafika pakati. Mwini wake amathamanga pambali, koma saloledwa kumukhudza kapena kumunyengerera ndi chakudya. Amamulamula ndi mawu ndi manja basi. Wopambana ndi galu yemwe wamaliza msanga osalakwitsa.

Masewerawa anayamba mu 1978 pa chionetsero cha agalu cha Crufts ku London, ndipo mu 2013 mpikisano wa dziko lonse unachitikira pafupi pompano, ku Johannesburg. Tawabweretsa pa tsamba la zaumoyo chifukwa akutionetsa chinthu chomwe m'makwalala a Lilongwe chikusowa: galu womvera mwini wake.

Yendani mu Area 18 m'mamawa, kapena ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 25. Galu wa pakhomo zambiri amaswera pa tcheni kapena m'kakhola kamdima tsiku lonse, n'kumasulidwa usiku kuti alondere. Ena amachita kumubisa kuti asaone anthu, ati azikhala wolusa. Geti likatsala lotsegula m'mawa, woyamba kukumana naye si wakuba. Amakhala mwana wopita kusukulu, mayi wopita kumsika kapena wakabaza wolawirira ntchito.

Akatswiri a ziweto amati miyezi itatu yoyambirira ndiyo imaumba khalidwe la galu. Kagalu komwe kazolowera anthu, ana ndi phokoso pa nthawiyi kamakula kodekha. Komwe katsekeredwa ndi kumenyedwa kamakula kamantha, ndipo galu wamantha sachedwa kuluma. Akuluakulu adati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo mawuwa amagwiranso ntchito pa ziweto.

Kulumidwa ndi galu si nkhani ya bala lokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia. Pa anthu 100 aliwonse odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa agalu, ndipo pa anthu 10 aliwonse omwalira, anayi amakhala ana osakwana zaka 15. Mwana ndi wamfupi, choncho galu amamuluma kumaso, m'khosi kapena m'manja. Nthawi zina mwanayo amabisa bala poopa kukalipiridwa.

Kachirombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a galu wodwala. Kakalowa pa bala, kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha yotumiza mauthenga mpaka kukafika ku ubongo. Ulendowu umatenga miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale ungathe kutenga sabata imodzi yokha kapena chaka chathunthu. Bala likakhala pafupi ndi mutu, nthawi imafupika. Pa nyengo yonseyi munthu amaoneka wabwinobwino, bala limapola, banja limaiwala. Koma zizindikiro zikangoyamba, monga kutentha thupi, kubwebweta ndi kuopa madzi, palibe mankhwala ochiza. Pafupifupi aliyense wofika pamenepa amamwalira.

Njira yothetsera vutoli ndi yodziwika. Agalu 70 pa 100 aliwonse m'dera akabayidwa katemera chaka ndi chaka, kachiromboka kamasowa kolowera. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha mu mzinda wa Blantyre. Kuno ku Lilongwe, bungwe la LSPCA ndi alangizi a ziweto a boma amachititsa katemera wa agalu m'madera osiyanasiyana. Maiko anagwirizananso kuti pofika 2030 pasamakhale munthu womwalira ndi chiwewe chochokera kwa agalu.

Apa ndi pomwe maphunziro a galu akukumana ndi zaumoyo. Katemera amafika kwa galu yemwe mwini wake angathe kumugwira ndi kumuyendetsa pa chingwe mpaka pamalo obayira. Galu yemwe ngakhale mwini wake amamuopa amatsala pakhomo, osabayidwa, chaka n'chaka. Choncho galu wolusa kwambiri m'dera nthawi zambiri ndi yemwenso alibe chitetezo ku chiwewe.

Ena anena kuti masewera a agalu ndi za anthu okhuta, pomwe mabanja ambiri akuvutika kupeza thumba la chimanga. Nkhawayi ndi yomveka, ndipo sitikunena kuti khonsolo imange bwalo la agalu. Koma kuphunzitsa galu kubwera akaitanidwa, kukhala pansi ndi kuyenda pa chingwe sikulira ndalama. Kumafuna mphindi 10 patsiku, kuleza mtima ndi kachidutswa ka chakudya komuyamikira akachita bwino. Ndodo siphunzitsa galu, imangomuonjezera mantha. Matayala akale, nsungwi ndi thabwa n'zokwanira kupanga zopinga pabwalo la pakhomo. Galu wosakwana chaka asamadumphitsidwe zinthu zazitali chifukwa mafupa ake akukulabe, n'chifukwa chake m'mipikisano ikuluikulu salola galu wosakwana miyezi 18. Mwini galu nayenso amapindula, pakuti WHO imalangiza munthu wamkulu kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 150 pa sabata, ndipo kuyenda ndi galu m'mawa ndi madzulo kumakwaniritsa zimenezi.

Pempho lathu kwa makhansala, mafumu a m'matauni, aphunzitsi ndi alangizi a ziweto ndi ili: pa 28 September, tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, tsiku la katemera pabwalo la sukulu likhalenso ndi kampikisano ka agalu omvera. Chiphaso cholowera chikhale khadi la katemera, ndipo galu aliyense abwere pa chingwe. Anyamata omwe amanyadira agalu awo adzapeza chonyadira china kuposa ukali, ndipo ana oonerera adzaphunzira kusathamangitsa galu, kusamugenda ndi kusamuyandikira akamadya kapena akamayamwitsa.

Kwa yemwe walumidwa kapena kukandidwa ndi galu, uthenga ndi umodzi. Tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musapake mankhwala achikuda, musadikire kuti muone ngati galuyo adwale. Mukayamba katemera, malizani jakisoni onse pa masiku omwe achipatala akuuzani, ngakhale bala litapola. Katemera wa anthu ndi wodula ndipo sapezeka paliponse nthawi zonse, pomwe wa galu ndi wotsika mtengo kwambiri.

Kuweta galu ndi udindo womwe sumathera pa geti. Ngati muli naye pakhomo, yang'anani khadi lake la katemera lero. Ngati chaka chadutsa, kaonaneni ndi alangizi a ziweto sabata ino.